Nsungwi Zoviika

Subira anakumana ndi Efraimu pa paraji, pokwerera magalimoto ku Insaca, akudikira chapa, minibasi ya ku Chiuta, chimene chinkachedwa kudzaza. Mnyamatayo maso anali pa mono umene mtsikanayo analephera kugulitsa pamsika.

"Achemwali, waluka ndani uwu?"

"Ababa anga. Koma nsungwi ndimang'amba ndine."

"Ndiye Mulungu wandiyankha," anatero Efraimu akutulutsa foni. Anamuonetsa chithunzi chimene anajambula ku Pemba: baraka yogulitsira mowa, ya denga la udzu, makoma a nsungwi, anthu akumwera m'zigoba za kokonati. "Ndikufuna kumanga yotere kuno. Yokongola, yolimba, komanso yosandiboola m'thumba."

Subira anaseka. "Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Inu mukufuna atatu?"

Chapa chinadzaza n'kunyamuka, kumusiya Subira akadasekabe. Anatulukira pa Chiuta ndi chapa chamadzulo, nambala yake atapereka kale.

Ndiye mauthenga aja, abale! "Duwa langa la ku Chiuta, wadzuka bwanji?" Mawa lake: "Baraka ikatha, pachikwangwani ndidzalemba dzina lako. Kenako amalume anga akupita kukaonekera kwanu."

Ndani sakanakhulupirira?

Subira anasenza yekha nkhani ya nsungwi. Bambo ake, Che Masudi, munthu wosaphonya swala kumzikiti, akanamva kuti mwana wawo akumangitsa nyumba ya mowa, bwenzi pakhomo patayaka moto. Choncho anawanamiza kuti ndi za khola la aphunzitsi ena. Linali bodza lake loyamba kwa bambo ake, ndipo linkamuwawa.

Anasankha nsungwi zokhwima, anadula mwezi uli mumdima, n'kuziviika m'nyanja atazipsinja ndi miyala, monga ankachitira bambo akewo.

"Amori wanga, masabata atatu onse?" anadandaula Efraimu pafoni. "Pamsika pali zaziwisi, zotchipa."

"Zaziwisi n'zotsekemera m'kati, anankafumbwe amazikonda. Zoviika zimada, zimanunkha matope, koma zidzakuona ukukalamba."

"Ndiye tidzakalambira limodzi pansi pake, wapamtima wanga."

Mawu amenewo Subira anawasunga ngati mbewu. Nsungwi anatumiza pa ngolo, manja ali matuza okhaokha.

Kenako mauthenga anayamba kufupika. "Ndatanganidwa." "Ndikuimbira." Osaimba.

Loweruka lina m'mawa Subira anakwera chapa osamuuza Efraimu, atanyamula timadengu tisanu ndi kamodzi tovindikira mababu, toluka yekha. Atatsika anaiona barakayo patali. Inali yokongola, tisaname. Udzu wometa bwino, milaza ikulendewera pakhomo, makoma akuwala ndi nsungwi zobiriwira.

Zobiriwira?

Anazungulira kuseri. Nsungwi zake zakuda zija anazipeza. Anali atamangira mpanda wa chimbudzi.

Atabwerera kumaso m'pamene anakweza maso. Chikwangwani chinati, "Baraka Jéssica." M'kati, mtsikana wa mphete pachala ankalonga mabotolo mu jeleira yatsopano yoziziritsira zakumwa.

Efraimu atamuona anatuwa. Anamukokera pansi pa mtengo wa mango.

"Zako zinali zakuda, Subira. Sizimafanana ndi chithunzi chija."

"Nanga dzinalo?"

"Bambo ake ndi amene agula jeleira. Mowa wofunda angamwe ndani? Undimvetse, duwa langa. Iwe ndiwe munthu wabwino, koma…"

"Koma sindikufanana ndi chithunzi."



Subira anaika timadengu tija pamapazi a Efraimu, n'kutembenuka. M'chapa analira osabisa. Mayi wina amene anakhala naye anamupatsa nsonga ya chitenje kuti apukutire, osamufunsa kanthu. Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali mphete ija ayi. Anali masabata atatu aja, akulowa m'madzi m'mawa uliwonse kukaona ngati miyala sinasunthe, akuganiza kuti akumanga banja lake.

Kunyumba anagwada n'kuulula zonse. Che Masudi anangomupatsa mpeni wong'ambira. "Miono ikudikira, mwanangu."

Patatha miyezi itatu, ali pakhonde akung'amba nsungwi, foni inalira. Unali uthenga wa Efraimu.

"Duwa langa, makoma afumbwa. Fumbi likugwera m'zakumwa, anthu asiya kubwera. Jéssica wapita kwawo ndi jeleira yake. Unkanena zoona. Ndimakukondabe. Nditani?"

Mtima wopusawu! Unadumphabe ngati tsiku la pa paraji lija. Subira anawerenga kawiri, katatu, misozi ikudontha pagalasi la foni. Ankamukondabe, ndipo zimenezo n'zimene zinkamukwiyitsa.

Analemba kuti, "Ndikubwera." Anayang'ana zipsera za m'manja mwake, n'kufufuta.

Uthenga umene anatumiza unali waufupi: "Zimene sizifumbwa ukudziwa kumene unaziika."

Anazimitsa foni, n'kutola mpeni uja.