Kathumba Kopanda Dzina

Kwa Kaomba, ukafunsa nyumba yolera bwino ana, ankakulozera kwa a Lameki, mkulu wa mpingo. Bambo ameneyu adali wosamala mpaka kutopetsa. Botolo la mankhwala opopera fodya ankalimanga kansanza kofiira pakhosi n'kulipachika kudenga la chigafa, kuti wina asadzaliyese la mafuta ophikira. Mwana wawo Feliya adakulira m'manja otere, ndipo palibe anganene kuti sadalangizidwe.

Atamaliza fomu folo, Feliya adapeza ntchito pa sitolo ya mankhwala ya a Kalekeni, panjira yopita kwa Simlemba. Tsiku lonyamuka bambo ake adamuperekeza mpaka pamsewu.

"Mwana wanga," adatero a Lameki, "ukagulitsa sopo wolakwika, mwini wake amabwera kudzasintha. Koma ukapereka mankhwala olakwika, odzawabweza amakhala achibale."

A Kalekeni nawo adali ndi malamulo awo. Buku la kuchipatala uliwerenge kawiri. Ufunse kuti wodwala ndani, ali ndi zaka zingati. Pa kathumba ulembe dzina, uchonge pa chithunzi cha dzuwa ndi cha mwezi kuti munthu aone nthawi yomwera, kenaka kathumba kalikonse kalowe m'buku la mwini wake. Chifukwa chake chidalipo. Nyengo yosankha fodya matenanti sachoka m'zigafa. Akauzidwa kuchipatala kuti mankhwala akagule, amatuma munthu mmodzi panjinga ndi mabuku a mabanja angapo.

Miyezi yoyamba Feliya ankatsatira zonse. Kenaka padabwera Grey, venda wa fodya wa njinga yamoto, amene adasandutsa kauntala ya sitoloyo kukhala potsamira pake.

"Kodi ukugulitsa panado kapena ukulemba mayeso?" ankaseka Grey. "Anthu akewa sadziwa ndi kuwerenga komwe. Ukulembera ndani?"

Mawuwo adamukomera Feliya, poti ulesi umakonda kupatsidwa chifukwa. Adayamba kudumpha mafunso. Kenaka cholembera chidayamba kuswera m'dilowa, iye maso ali pa foni.

Tsiku lina a Kalekeni adakumana pakhomo ndi mayi atanyamula timatumba titatu toyera mbee, topanda ndi chilembo chomwe. Adamubweza mayiyo, nalemba okha, kenaka adatembenukira kwa Feliya.

"Iwe, ukufuna undiphere anthu?"

"Mankhwala onsewa ndimawadziwa ndi maso, abwana."

"Iwe umawadziwa. Nanga wokamwayo?"

Feliya adapepesa pakamwa pokha. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lachisanu lotsatira a Kalekeni adapita ku boma kukaoda katundu. Pochoka adati, "Wobwera ndi buku andidikire, sindichedwa." Masana Grey adafika, njinga osazimitsa, akufuna apite naye kokadya tchipisi. Feliya akuti azitseka, padatulukira Samsoni, tenanti wa pa esiteti ina, thukuta lili kamukamu, mabuku awiri ali m'manja. Lina lidali la agogo odwala shuga. Lina lidali la Yankho, mwana wa zaka zinayi, amene adamulembera panado wa kutentha thupi.

Feliya adawerengera mapiritsi m'timatumba tiwiri. Onse adali oyera.

"Aka n'ka agogo. Aka n'ka mwana, theka, katatu patsiku."

"Simulembapo, achemwali?" adafunsa Samsoni mwaulemu.

"Ndikalemba muwerenga?"

Grey adaseka chikhakhali. Samsoni adachita manyazi, naponya timatumba tonse tiwiri m'thumba limodzi la malaya, nakwera njinga yake. Ulendo udali wautali, msewu wake wa mabampu. Pofika sadakumbukirenso kuti ka mwana kadali kati.

Lolemba m'mawa m'sitolo mudalowa mayi wowonda, atamanga nsalu m'chiuno, kumsana kulibe mwana. Adali Maliya, mayi wa Yankho. Sadakuwe, sadatukwane. Bwenzi atatukwana kukadakhala bwino. Adangoika kathumba pa kauntala, mutatsala mapiritsi ochepa.

"Ndinu munapereka aka?"

Feliya adavomera ndi mutu.

"Ndinamupatsa monga munanenera, theka katatu. Sindinadumphitse. Atayamba kutuluka thukuta ndi kugona, ndinati thupi likuzizira, mankhwala akugwira. Ndinamudzutsa mwana wanga ndi manja angawa n'kumumwetsanso. Anatsirizikira pa ngolo tikupita kuchipatala. Adokotala ataona kathumbaka anati anali a shuga, a agogo aja."

A Kalekeni, amene adali kumbuyo, adamva zonse.

"Samsoni akuti munamufunsa ngati amawerenga," adapitiriza Maliya. "Iye sawerenga, inenso sindiwerenga. Koma mkulu wake wa Yankho ali sitandade folo. Ndi amene amatiwerengera zonse pa esiteti paja. Anakatembenuza kathumbaka uku ndi uku, n'kunena kuti, amama, palibe cholembedwa."

Kenaka adakankhira kathumbako kwa Feliya.

"Lembanipo tsopano. Dzina lake ndi Yankho. Ndikufuna ndione ndi maso angawa ngati ndi lovuta kulemba."

Feliya adatsegula dilowa, natenga cholembera chija. Misozi inkagwera pa kauntala, koma dzinalo lidalembeka asadapume ndi kawiri komwe. Maliya adaliyang'ana nthawi yaitali, namanga kathumbako pansonga ya nsalu yake, natuluka osatsazika.

Apolisi adamutenga Feliya, sitolo idatsekedwa, ndipo a Kalekeni adalandidwa chiphaso cha ntchito imene adaigwira mokhulupirika zaka makumi awiri. Grey sadaonekenso. Akuti tsopano amatsamira kauntala ina ku Kaluluma. Amene adapalasa njinga kukamuona Feliya kupolisi adali a Lameki okha, ndipo adakhala naye pabenchi. Zonena adali atanena kale pamsewu paja.

Inu achinyamata amene mwapatsidwa ntchito yokhudza moyo wa munthu, musanyoze lamulo chifukwa likuoneka laling'ono, ndipo musanyoze wosauka chifukwa sadziwa kuwerenga. Ulesi ndi tchimo, ndipo nthawi zambiri amene amaufera si waulesiyo. Feliya adalapa, inde, koma madzi akatayika saoleka. Dzina la Yankho lidalembedwa pa kathumba mwanayo ali kale kumanda.