Makhadi Awiri a Che Mustapha

Che Mustapha anali munthu wa ziwiriziwiri. Chikwatireni mkazi wachiwiri, sanalowepo m'sitolo n'kutuluka ndi chinthu chimodzi. Zitenje ziwiri, mabeseni awiri, mawailesi awiri, zonse zofanana ngati mapasa. Ku Senga Bay anthu ankamutama kuti mitala amaidziwa, ndipo iye ankayenda chifuwa chili patsogolo. Koma mitala ndi mitala basi, ngakhale uiyeze pasikelo.

Mkazi wamkulu, Hidaya, mayi ake a Rashidi, ankayanika usipa kugombe n'kumagulitsa. Wamng'ono, Asiyatu, anali wa pakompyuta. Ankalumikiza makanema a maukwati, komanso ankajambula nyumba zoti munthu n'kumazizungulira pasikirini ngati zamangidwa kale. Nyumba za akazi awiriwa zinayang'anizana pabwalo limodzi, ndipo mwamunayo ankagawa masiku.

Mavuto anayamba pamene mwini loji ina anapatsa Asiyatu ntchito yojambula zipinda zatsopano ndi kukonza kanema wokopa alendo. Kompyuta inayamba kukanika. Chithunzi chikayenda pang'ono chinkangouma gwa. Asiyatu anati vuto ndi galafikisi khadi, kachipangizo kamene kamasenza zithunzi zolemera m'kompyuta, ndipo pankafunika lina lamphamvu, la majibi ambiri, poti kukula kwake amakuyeza m'majibi.

Kuyambira pamenepo Che Mustapha, munthu wodziwa mainjini a maboti okhaokha, anabwerera kusukulu. Chimene chinamupweteka Hidaya n'chakuti sukuluyi inkalowanso pa masiku ake. Mwamuna ali pakhonde pake, tiyi akuzizira, maso ali pafoni, kenako n'kukuwa:

“Asiyatu! Nanga ili la majibi eyiti?”

“Lachepa, abambo!” yankho linkachokera kutsidya kwa bwalo. “Nyumba zija n'zolemera, pafunika la thwelofu!”

Ankafunsana, kutsutsana, n'kumaseka. Hidaya nsanje inkamufika mpaka m'mano. Tsiku lina anangovala mpango wake n'kupita kwa apongozi ake, Abiti Saidi.

“Amayi, pa tsiku langa ndimangolandira thupi, mutu uli kwa mnzanga. Pano akuti amugulira chinthu, ine ayi.”

Abiti Saidi sanafunse n'komwe kuti chinthucho n'chiyani. Anaitanitsa mwana wawo n'kumuloza chala.

“Wallahi, Mustapha, usandichititse manyazi. Ukagulira uyu, ugulirenso uyo. Ngati sungathe, usagule!”

Che Mustapha anakwera minibasi ya ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi timabokosi tiwiri tofanana. Ndalama zimene zikanagula khadi limodzi lamphamvu anazidula pakati, n'kugula makhadi awiri aang'ono. Anaimika akazi onse pabwalo n'kupereka, nkhope ikuwala ngati wagawa nyama ya Idi.

Asiyatu atawerenga pabokosi anangokhala pansi.

“Majibi folo? Abambo, tinagwirizana chiyani?”

“Folo kuno, folo uko, nyumba zonse zalandira. Mukafuna, mubwereke la achemwali anu muphatikize.”

“Kompyuta yanga ili ndi malo a khadi limodzi! Mabwato awiri ang'onoang'ono mungawasoke n'kukhala boti lokafika kuchilumba cha Mbenji?”

Anadzuka akulira, nalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

Hidaya analibe kompyuta, ngakhale foni yake inali yamabatani. Komabe bokosi lake analiika pakabati, pakati pa makapu a alendo, ndipo ankalipukuta fumbi mmawa uliwonse akung'ung'udza kanyimbo. Koma chisangalalocho sichinakhalitse. Khadi laling'ono lija litalowa m'kompyuta, nyumba za pasikirini zinapitiriza kuuma. Mwini loji anaimba foni kuti ntchito ikapanda kutha mwezi womwewo aipereka kwa wina. Asiyatu anasiya kudya, ndipo Che Mustapha anayamba kudutsa bwalo kukamutonthoza, ngakhale pa masiku a Hidaya. Poyamba Hidaya ankatsala ndi thupi, tsopano ngakhale thupilo linamuthawa.

Masana ena Asiyatu anafika pakhomo pa mkazi mnzake, nagwada pakhonde. Mwamuna wawo anaima kumbuyo, akupotokola kofiya m'manja.

“Achemwali, ndabwera kudzapempha. Wogulitsa wa ku Lilongwe uja wavomera kulandira makhadi onse awiri n'kutipatsa limodzi lamphamvu. Lanu silikukuthandizani kanthu. Chonde, ntchito ikundithawa.”

“Silikundithandiza? Wakuuza ndani? Ndi langa. Ndikafuna ndiziyalapo usipa!”

“Mayi a Rashidi, musalimbe mtima,” anatero Che Mustapha. “Ine sindinakondereko. Chilichonse ndimagula ziwiri, Allah ndi mboni.”

Mawu amenewo ndi amene anatsegula damu. Hidaya analowa kuchipinda, ndipo anatuluka akukoka thumba la ufa lakale. Analikhuthula pakhonde. Munatuluka nsapato zokhazokha, zofiira, zagolide, za zidendene zazitali, zonse zatsopano, pansi pake posadetsedwa ndi mchenga.

“Mukuzidziwa izi? Za Idi iliyonse chibwerereni Asiyatu. Munandionapo nditavala?”

Hidaya sanadikire yankho.

“Zonsezi ndi sayizi ya Asiyatu! Mumamufunsa iye, iye n'kusankha, inu n'kungouza wogulitsa kuti ziwiri. Phazi langa sililowamo. Ndinkayesera kuchipinda mpaka zala kutupa, n'kubisa kuti anthu asakusekeni.” Misozi inali ikutsika, koma mawu sanagwedere. “Khadi ili mwalikambirana mpaka pakhonde panga. Lotentha ndi liti, lolimba ndi liti, la majibi angati. Kachitsulo mwakadziwa mkati ndi kunja, bambo a Rashidi. Nanga ine munandifunsapo chiyani? Ngakhale mtundu wa chitenje?”

Asiyatu anatola nsapato imodzi, naitembenuza kuti aone nambala. Anagwira pakamwa.

“Achemwali, sindinkadziwa. Wallahi sindinkadziwa. Ndinkaganiza kuti zanu amakufunsani panokha.”

Hidaya anamuyang'ana nthawi yaitali. Anafunafuna bodza pankhope ya mtsikanayo koma sanalipeze, ndipo zinamukwiyitsa kwambiri chifukwa kudana naye kunali kosavuta kuposa izi. Anakwezera mphuno, nalowanso m'nyumba. Anatuluka ndi bokosi lija n'kuliika pamiyendo ya Asiyatu.

“Tenga. Ukasankhe wekha lamphamvulo, asakusankhire uyu. Nsapatozi utengenso, ndi zako kale. Dzuka, usandigwadire, si iwe wandilakwira.”

Asiyatu analira mokweza, atakumbatira bokosilo. Che Mustapha anasendera pafupi, mawu atachepa ngati a mwana woswa mbale.

“Mayi a Rashidi, pepani. Mawa lomwe ndikakugulirani zanuzanu. Ndiye kuti... mumavala sayizi yanji?”

Hidaya anaseka kamodzi, kuseka kowawa, napukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

“Ndakuberekerani ana atatu ndikuyenda ndi mapazi omwewa. Sindikuuzani. Masiku anga onse ndamupatsa Asiyatu, musavutikenso kugawa. Mukadzaidziwa nokha sayiziyo, mudzagogode.”

Analowa n'kutseka chitseko, ndipo Che Mustapha anamva loko akulira mkati.