Nkhumba ya Henut

Senderani pafupi, adzukulu anga, ndi inu anansi. Ndikuuzeni za Henut, mkazi wanga, amene tamuolotsa mtsinje dzana kukamuika kumadzulo. Musazyolike, iye nkhope zokwinya sankazifuna.

Henut atangokwatiwa kwathu, ntchito yathu youmba zithumwa sankaidziwa. Kwawo ankaphika mikate. Nthawi imeneyo mlongo wanga Meryt anali ndi pakati, masiku atayandikira, ndipo ankaopa kwambiri poti mimba yoyamba inapita padera. Ankati sangachire popanda kamvuu pakhosi, kachithumwa kaja koteteza amayi pobereka.

Ndinakanda mchenga wopera, mchere wa m'chipululu ndi fumbi la mkuwa, n'kudinda timvuu m'chikombole. Ndinatiyanika, ine ulendo kunkhuni. Mukudziwa kuti tikamauma timatuluka kaufa koyera pamwamba. Henut atakaona, anatenga kansalu n'kupukuta tonse bwinobwino.

"Amuna anga, taonani," anatero akumwetulira. "Ndakuchotserani litsiro."

Amayi anga anagwira kumutu. "Mwana iwe, kaufako ndi kamene kamasungunuka pamoto n'kuwala. Wapukuta mtundu wonse."

Tinaotchabe, koma timvuu tinatuluka totuwa ngati dothi la panjira. Meryt analira.

Henut sanathawire kwawo ayi. Anati, "Apongozi, ndionetseni kakandidwe kake, ndiumba ndekha." Chikombole anakana, ati manja oumba mikate sangalephere mvuu.

Henut atamaliza kuumba, Meryt anasuzumira. "Mlamu, imeneyi ndi nkhumba."

"Ndi mvuu yapakati, ngati inuyo."

Meryt anaseka mpaka kugwira mimba, koyamba patapita masiku.

Pouma, Henut anakhala pambali pake atakhalira manja ake omwe, kuopa kuti angamuyabwe. Kaufa kanatuluka, iye osakhudza, kumangokayang'ana ndi diso loipa. Titatsegula ng'anjo, nkhumba ija inali yobiriwira ngati thambo, kunyezimira kuposa zanga zonse.

Meryt anaivala, n'kuchira bwino. Mwanayo ndi Paheri, wadazi wakhala apoyo. Dzana ndi Paheri yemweyo amene anamangirira nkhumbayo pakhosi pa Henut, kuti nayenso imuperekeze.

Ine maso atha, posachedwa ndimutsatira. Inu otsala, mukaona kaufa koyera katuluka pa chithumwa, khalirani manja anu, mutchule dzina lake. Henut. Mudzawauzenso ana anu kuti inali mvuu, angamadzakangane naye.