Waya Wozimitsira

Njinga yamoto ya mateyala anayi inakana kulira m'mawa wonse, ndipo Sipanala anatuluka thukuta mpaka malaya kumata pamsana. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa tchuthi chilichonse ankachithera m'galaja ya amalume ake. Tsikulo amalumewo anapita kukasaka zipangizo, ndipo potuluka anamuuza kuti asese basi, asakhudze njinga ya munthu.

Koma wobweretsa njingayo anali alamu ake enieni, amuna a achemwali ake, omwe ankakokera nayo kangolo ka madzi a ng'ombe pafamu. Anakhala pateyala lakutha, akumuseka.

"Alamu, paja mumati ndinu amakaniko? Kapena ukatswiri wanu ndi wa tsache? Ng'ombe zikufa ndi ludzu uko."

Mawuwo anamulasa mnyamatayo. Anamasula pulagi, nayigunditsa kuchitsulo cha injini, nayesa kuliza. Pulagiyo sinathetheke moto ngakhale pang'ono. Anatukula mpando napeza kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wosambira. Amalume anali atamuphunzitsa za kabokosika. Kamalandira magetsi kuchokera ku injini nkuwasunga, ndipo pisitoni ikamafika pamwamba kamawaponyera ku koyilo kuti pulagi ithetheke. Mwa mawaya ake, mmodzi ndi wozimitsira. Munthu akatembenuza kiyi kuti azimitse, waya ameneyu amathawitsira magetsi kuchitsulo cha njinga, injini nkufa pomwepo.

Sipanala anazula wayayo nayesanso. Injini inabangula mpaka malata kunjenjemera. Apa vuto linaonekeratu: swichi ya kiyi inali itawonongeka, inkaba moto nthawi zonse. Amalume akanasintha swichiyo, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe. Koma swichi ina panalibe, alamu anali ataimirira kale akuomba m'manja. Anatenga pulayazi, nadula wayayo, namukulunga tepi, nkumukankhira pansi pa mpando.

"Eee, alamu anga ndi dolo!" anatero bambowo mokweza kuti owotcherera zitsulo a pafupi amve. "Amalume anu apume tsopano."

Sipanala anatsegula pakamwa kuti anene kuti kiyi sagwiranso ntchito yozimitsa. Koma kutamidwa kunali kukutsekemera, ndipo ndani angafune kudzithira yekha madzi pamaso pa anthu? Anadziuza kuti awauza mawa, lero akatseka mafuta injini izima yokha. Alamu anakwera, namugwedeza mutu mwachikondi, nkumapita.

Amalume anabwera dzuwa litapendeka, opanda chipangizo chilichonse, nkhope itagwa. Sanapereke moni. Anatulutsa kabokosi kakuda m'thumba nakaika patebulo, waya wodulidwa uja akulendewera, tepi yake itamatirira dothi.

"Ndachokera kufamu, anandiitana ndili panjira," anatero motsitsa mawu. "Chingwe chowonjezera liwiro chinakakamira alamu ako ali pamtsetse, kangolo kodzaza madzi kakuwakankha kumbuyo. Mabuleki sanagwire. Anatembenuza kiyi, injini osazima. Njinga yawagwera pamwendo. Wadula wayayu ndani?"

Sipanala anayembekeza khofi, ndipo kunena zoona ankalifuna, mwina likanamupeputsa. Amalume sanakweze dzanja.

"Sindikumenya ayi. Samba m'manja, tipite kuchipatala. Mlongo wako ukamuuze wekha, ine pakamwa panga sipatuluka kanthu."

Achemwali a Sipanala anali pabenchi yapakhonde la chipatala, maso atatupa, atafumbata nsapato imodzi ya amuna awo. Ataona mlongo wawo anamukokera pafupi, namukoleka dzanja paphewa monga ankachitira akali wamng'ono.

"Mwendo awudula, achimwene. Pansi pa bondo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Asanalowe nawo m'chipinda cha opaleshoni amangobwereza kuti anazimitsa, koma sinazime. Kenako akuti mwina anasokonezeka ndi mantha, anatembenuzira kiyi kolakwika. Akudziimba mlandu okha, akuti atilowetsa m'mavuto ine ndi mwana. Iwe umadziwa za njingazi. Zingatheke kuti analakwitsa iwowo?"

Sipanala anayang'ana amalume, koma iwo anali kuyang'ana khoma. Kungogwedeza mutu kukanakwanira, ndipo palibe akanamufunsanso. Anaganiza za alamu ake akutsitsimuka m'chipindamo, opanda mwendo, atasenzanso mlandu wosakhala wawo.

"Sanalakwitse, achemwali," anatero. "Kiyi anatembenuza bwinobwino. Waya wozimitsira ndinadula ine m'mawa, ndipo sindinawauze."

Achemwali anamuyang'ana ngati munthu wachilendo. Kenako anachotsa dzanja lawo paphewa pake pang'onopang'ono, nasendera kumapeto kwa benchi.