Nkhupakupa za Wometa Tsitsi

Madzulo amenewo mkazi wa telala ankaanula zovala pachingwe pamene amuna ake anamuitana m'nyumba ndi mawu ofooka. Anawapeza atatsamira makina osokera, dzanja lili pachifuwa.

"Wayambanso. Tamvera wekha."

Mayiyo anagunditsa khutu pachifuwapo. Mtima unagunda kawiri, n'kukhala zii ngati waiwala ntchito yake, kenako n'kuyamba liwiro. Podzuka anaona kuseri kwa khutu lawo kuli nkhupakupa yotuwa, yofufuma ngati nyemba yogona m'madzi. Anatambasula dzanja kuti aizule.

"Isiye," anatero telalayo. "Achimwene anati akandichotsa okha mawa, mutu wake ungatsalire m'khungu."

M'mudzimo anali ataika kale m'manda wogulitsa nyama ndi mphunzitsi, onse mtima utayamba kudumphadumpha chonchi. Kuchipatala anati matenda a nkhupakupa amatha kusokoneza mtima, n'kupereka mapiritsi. Mayiyo anali atapopera mankhwala nyumba yonse, kutentha matiresi, galu n'kupatsa achibale, koma anthu ankanong'onezanabe kuti apa pali dzanja la munthu.

Achimwenewo anali wometa tsitsi pamsika. Chaka chathachi mtima unawagoneka mpaka abale kuyamba kufunsa mtengo wa bokosi, koma tsopano ankakwera chitunda panjinga akuimba mluzu. Akapeza nkhupakupa pamutu wa munthu sankaiphwanya ndi chikhadabo monga tichitira tonse. Ankaizula mwaulemu n'kuiika m'bokosi la machesi, anthu n'kumaseka kuti bamboyu chifundo chake chafika ndi kwa tizilombo.

Mawa lake telala anabwerako kometako akudzandira, n'kugwa pakhomo. Mayiyo anawakokera pabedi n'kuthamanga kukaitana alamu akewo. Msika unali utaweruka, chitseko cha kometako chili chotseka mwatheka. Fungo la magazi ovunda linamulandira asanaodire.

Wometayo anali pagalasi, atavula malaya. Pachifuwa ponse panali nkhupakupa zothinana, zonyezimira, iliyonse ikufufuma ndi kuphwa pa nthawi yakeyake. Ya pansi pa khosi inali yongoikidwa kumene, ndipo kagundidwe kake mayiyo anakadziwa, poti anali atakamva ndi khutu lake dzulo pachifuwa pa amuna ake. Sanaganize kawiri. Anaitsomphola, ili yofunda, ikuterera m'zala.

"Pang'onopang'ono, alamu," anatero wometayo, osatembenuka n'komwe. "Mukaiphwanya, mukapeza maliro kwanu. Ikafa ndi njala, chimodzimodzi. Ndipo kwa mwini wake siibwerera."

"Mng'ono wanu weniweni! Mulibe manyazi?"

"Nanga mumati ndife ine?"

Anavala malaya, kumanga mabatani onse bwinobwino, n'kutulukira kuseri. Kuyambira tsiku limenelo palibe anamuonanso.

Panjira kachilomboko kanayamba kufooka m'dzanja la mayiyo, kugunda kwake kukutalikirana. Anaima paudzu. Munthu amene ankachita kutsuka m'manja akagwira galu, lero anamasula batani la bulauzi yake, kutsinzina, n'kukakhazika pakhungu. Anamva kakamwa kake kakuboola.

Kunyumba anapeza amuna ake atadzuka, akupempha madzi. Anawapatsira kapu ali chapatali, dzanja lina litaphimba pachifuwa.

"Wabisa chiyani pamenepo?"

"Palibe, bambo. Imwani madzi."

Telalayo anamwa, n'kupempha ena. Mkazi wake anapita kukatunga, akuimva ikuyamwa.