Make Mapasa Akana Kukhala Pansi

Msonkhano wa akuluakulu a mpingo unatha usiku, ndipo unatha moipa. Make Mapasa anatuluka osatsanzika munthu, Baibulo m'khwapa, chitseko n'kuchimenyetsa.

Tchalitchi chawo chinali galaja yakale: mabenchi ochepa, tebulo lophimbidwa ndi nsalu yoyera, ndi fungo la oyilo lomwe linakana kutuluka ngakhale analipempherera. Chisamukireni abusa, Lamulungu lililonse anthu ankangoimba, kuyang'anana, basi n'kubalalika. Ena anasiyiratu kubwera. Make Mapasa, wogulitsa makala, mayi wosadziwa kunyengerera, ndiye ananena kuti Lamulungu likudzalo alalikira yekha. Apo mpamene a Kalipentala, mkulu wa mpingo, anamenya tebulo.

"Mzimayi kuima kutsogolo ine ndili moyo? Bola titseke!"

"Nanga inuyo bambo osalalikira bwanji? Mukatsegula Baibulo mumangotsokomola."

Zinathera pomwepo.

Njira yakwawo inkadutsa m'mbali mwa mpanda wa manda. Womuperekeza panalibe, ndipo sanapemphe. Mkwiyo unkamuotcha m'chifuwa ngati mbaula. Ulaliki wake anali atauloweza pomanga matumba a makala, pakuti kuwerenga ankachita kulondola ndi chala liwu limodzilimodzi. Tsono poti anthu amukaniza, anayamba kulalikira msewu.

"Abale ndi alongo, moto suzima ndi mvula yokha ayi. Umazimanso ndi phulusa lake lomwe..."

"Kwezani mawu. Kumbuyo kuno sitikumva."

Anaima.

Anacheuka pang'onopang'ono. Pamwala womwe anali atangoudutsa, pomwe panalibe munthu, panakhala gogo wa duku loyera. Manja pamaondo. Msana chilili, ngati ali pa benchi ya m'tchalitchi.

Thupi lonse linachita tsembwe.

"Ngati ndinu mfiti mwasochera," anatero Make Mapasa. "Ine ndilibe nyama. Ndi mafupa ndi mwaye basi."

Make Mapasa anapitiriza ulendo. Anaponya phazi. Anaponya lina. Osacheuka. Mtima du, du, du. Mpanda wa manda sunkatha. Atafika pangodya anadzutsa maso...

Gogo uja! Patsogolo pake! Atakhala pachitsa, manja pamaondo pomwe paja.

Mphepo inkaweramitsa udzu. Duku lake osagwedezeka.

"Ndati kwezani mawu."

Miyendo inati tithawe. Mutu unakana. Tsiku lonse anthu amoyo akhala akumutseka pakamwa. Lero wapezeka wofuna kumva, iye athawe? Anaika Baibulo pamwamba pa mpanda, namanga nsalu yake m'chiuno ngati akukakweza thumba.

"Chabwino. Mwapempha nokha. Musadzati ndinatalikitsa."

Mawu anayamba monjenjemera, ngati a mwana wogwidwa akuba shuga. Kenako anakhazikika. Ananena za mbaula yomwe mwiniwake amaopa kuigwedeza, phulusa n'kumachuluka, moto n'kumafa anthu ali chizungulire akuti tikuotha. Ananena za Mulungu yemwe safunsa kuti wakupiza moto ndani, mwamuna kapena mkazi, bola uyake. Anafika pokuwa mpaka agalu akutali anamuyankha. Thukuta kamukamu.

"Amene wamva anene ameni!"

"Ameni..."

Mawuwo sanatuluke pakamwa pamodzi. Anachokera kuseri kwa mpanda. Ambiri. Apansipansi, ngati madzi oyenda pansi pa nthaka.

Make Mapasa anagwira mpanda kuti asagwe. Unali wozizira ngati chitsulo.

Gogo uja anagwedeza mutu.

"Ine anandiuza kuti ndikhale pansi. Ndinakhala. Onani, mpaka lero." Anakweza dzanja; chala chamkombaphala chinali chodukira pakati. "Mukamuuze Kamphuno kuti zakwana."

Make Mapasa anatembenuka kutenga Baibulo. Pobweza maso... chitsa chokha.

Sanathamange ayi. Anayenda ngati munthu wochokera ku msika. Liwiro analiyamba atakhota, pakuti sanafune kuti amuone akuthawa.

Lamulungu, nyimbo yachiwiri itatha, kunagwa kachetechete kaja kozolowereka. Anthu anayamba kuyang'anana. Make Mapasa ananyamuka. A Kalipentala nawo ananyamuka, natambasula dzanja pakati pa iye ndi tebulo.

"Khalani pansi, mayi. Tinakambirana kale."

"Munakambirana nokha. Koma ndiyambe ndapereka uthenga wa eni ake, ungandiolere m'manja. Kamphuno ndani muno?"

Palibe anaseka. A Kalipentala anamuyang'anitsitsa, dzanja lili chitambasulire.

"Dzina limenelo... mwalitenga kuti?"

"Kwa gogo wina, usiku uja, ku mpanda wa manda. Wa duku loyera, chala ichi chodukira apa. Akuti anamuuza kuti akhale pansi, ndipo akadali chikhalire. Akuti Kamphuno amve kuti zakwana."

A Kalipentala anatsegula pakamwa. Panatuluka chifuwa chokha.

Amene analankhula anali akazi a Kalipentala, mayi yemwe muno sanamvekepo mawu ake kupatula poimba. Anaimirira pa benchi yakumbuyo, atagwira pamtima.

"Amenewo ndi apongozi anga. Palibe wina ankawatchula bambowa dzina limenelo. Amene anayambitsa mpingo uno ndi iwowo, pabalaza pawo, akulalikira okha. Amuna atachuluka, mwana wawo yemweyu ndiye anawaletsa kuima kutsogolo." Anapuma. "Tinawaika m'manda omwe aja kalekale, Make Mapasa. Inu musanabwere kuno, mapasa anuwo asanabadwe n'komwe."



Make Mapasa anakankhira pambali dzanja la a Kalipentala ngati thumba lopanda kanthu, nazungulira tebulo.

"Bambo, pa benchi pali malo," anatero. "Lero mumvera."

A Kalipentala anakhala pansi.