Chala Chozolowera Batani

Maso a mayi anali atachita ng'ala, ndipo dokotala anati opaleshoni ichitike mwezi usanathe. Malume anatumiza thandizo, koma linabwera mu ndalama za pa intaneti, zomwe m'nyumba monsemo ankazimvetsa ndi munthu mmodzi yekha, mwana woyamba, amene onse ankamutcha Injiniya.

Injiniya ankalemba mapulogalamu a pakompyuta. Kwa milungu isanu ndi umodzi anali kalikiliki kukonza pulogalamu yosungira ndalamazo kuti izigwira ntchito ndi kachipangizo konga fulashi. Kachipangizoko kanali ndi kagalasi ndi batani limodzi. Munthu akamatumiza ndalama, kankaonetsa adiresi ya wolandira, ndipo ndalama sizinkachoka mpaka mwini wake atadina batanilo.

"Kompyuta ikhoza kukunamiza, koma aka sikanama," ankatero pophunzitsa mlongo wake Chitsiriza, amene anali kusekondale. "Uziwerenga kaye usanadine."

Pakamwa ankatha ndithu. Koma iye mwini, poyeserera ndi ndalama zabodza, ankadina kambirimbiri patsiku, maso ali pa foni. Chala chinazolowera.

Loweruka m'mawa anakhala patebulo la pabalaza kuti atumize ndalama zija kwa wosintha ndalama, Lolemba akalipire kuchipatala. Kagalasi kanayaka. Chitsiriza anawerama, pepala la adiresi ya wosinthayo lili m'manja.

"Achimwene, tadikirani. Kumapetoku sikukufanana ndi papepalapa."

"Iwe, pulogalamuyi ndinakonza ndine. Pita ukatsuke mbale."

Anadina.

Patatha ola, wosintha ndalama anaimba foni kuti palibe chimene chafika. Injiniya anaseka kaye, kenako anasiya kuseka. M'kompyuta yake munali mutalowa vairasi imene inachotsa adiresi yoyenera n'kuikapo ya mbava. Chowawa n'chakuti kachipangizo kaja sikanalakwitse chilichonse. Kanaonetsa adiresi ya mbavayo bwinobwino, ndendende mmene iye anakonzera. Ndipo ndalama zamtunduwu zikapita sizibwerera.

Chitsiriza anaima pakhomo la khitchini, manja ali thovu lokhalokha.

Mayi anatuluka kuchipinda akupapasa khoma.

"Zatheka, mwanangu?"

Mayi anafika patebulo, napapasa mpaka anakagwira kachipangizo kaja. Anakabweretsa pafupi ndi diso, koma anangoona kuwala.

"Inetu sindikuona. Palembedwa chiyani apa? Tandiwerengera, iwe uli ndi maso."

Injiniya anakalandira ndi manja awiri. Adiresi ija inali ikadali pomwepo. Anayang'ana mlongo wake.

"Bweretsa pepala lija," anatero chapansipansi.

Chitsiriza anapukuta manja n'kuliika patebulo. Injiniya anayamba kuwerenga mokweza, chilembo chimodzichimodzi. Mayi ankagwedeza mutu pa chilembo chilichonse, akumwetulira, kudikira kuti amve tsiku la opaleshoni.